Mtedza wa Gologolo m'Nkhokwe ya Apongozi

Padangokhala, kale lija nyama zisanataye makasu, mudzi wina umene mfumu yake inali Njiri. Amfumu amenewa anali oseka. Mlandu ukawakomera ankaseka mpaka kugwada pansi, ndipo bwalo lonse linkadikira kuti apume kaye.

Chaka china njala inalowa m'mudzimo, n'kuwondetsa aliyense mpaka nthiti kuonekera. Itatha, amfumu anaitana anthu awo onse.

"Zimene taonazi zisabwerenso," anatero. "Timange nkhokwe imodzi yaikulu, ya mudzi wonse. Aliyense akakolola, pa madengu khumi azipereka limodzi. Njala ikadzafika, tidzatsegula, tidzadya tonse."

Anthu anavomera, koma anadandaulako zina, ndipo amfumu anamva. Anati mbewu yosungira kudzala isamawerengedwe, chifukwa imabwerera m'nthaka. Anatinso chakudya chimene munthu waphikira anzake ogwira ntchito ya mudzi, monga kulambula njira, chizichotsedwa pa zokolola zake. Za nkhalamba zosathanso kulima, anati nkhokwe zawo wamsonkho asamazikhudze n'komwe, ndipo wozipatsa chakudya asakhomere msonkho pa chimene waperekacho.

Ntchito yotolera msonkho anaipereka kwa Kakowa, chifukwa malaya ake anali oyera mbee. Anthu anati wovala zoyera sangabe, banga lingamuulule.

M'mudzimo munali Gologolo. Iyeyu sanali mbadwa. Anabwera kudzakwatira Kanungu, mwana wa Mayi Nungu, n'kukhala kwawo kwa mkazi monga mkamwini aliyense. Ankalima mtedza, ndipo ankaukonda mtedzawo kuposa tulo. Tsiku la msonkhano ena ankawodzera, koma iye anakhala kutsogolo, makutu ali tcheru, mpaka anapempha amfumu kuti abwerezenso malamulowo pang'onopang'ono.

"Mwawakonda malamulo athu, akamwini?" anafunsa amfumu.

"Kwambiri, mfumu. Makamaka akumapetowo."

Nthawi yokolola itakwana, Kakowa anayamba kuyenda ndi dengu lake khomo ndi khomo. Anafika kwa Bwampini, mnzake wa Gologolo, n'kupeza nkhokwe ili pafupifupi yopanda kanthu, mwini wake ali chete, masaya atatupa ngati mphika.

"Mwadzuka bwanji, a Bwampini?"

Bwampini anangogwedeza mutu.

"Ndati mwadzuka bwanji?"

Bwampini anayesa kuyankha, ndipo mtedza unakhuthuka m'kamwa kuti wayawaya. Mtedza wina Kakowa anaupeza pansi pa mphasa. Analipira msonkho kawiri, ana akumuseka.

"Kubisa ndi kuba, achimwene," Gologolo anamuuza. "Ine sindibisa kanthu. Ine ndimangomvetsera lamulo."

Kakowa anafika kwa Gologolo.

"Odi kuno!"

"Fikani, bwana wamsonkho, fikani. Samalani malaya, pakhomo pano pali fumbi."

Kakowa anasuzumira m'nkhokwe, n'kuona mtedza wangofika theka. Anakweza maso, n'kuona zikwatu, mitolo ija yokulunga ndi masamba, zili lendelende pakhonde lonse.

"Nanga izi?"

"Mbewu, bwana."

"Yonseyi?"

"Yonseyo."

"A Gologolo, kamunda kanu ndimakadziwa. Chikwatu chimodzi chikwana, n'kutsalako."

"Kamunda ka chaka chino mukukadziwa. Munda wa chaka chamawa simunauone."

Kakowa anamukokera kubwalo. Amfumu atamva mbali zonse anakanda chibwano.

"Mbewu imadziwika mvula ikagwa," anatero. "Tidikire. Akadzala, ndi mbewu. Akakazinga, alipira kawiri ngati mnzake uja."

Gologolo anapita kunyumba n'kunola khasu. Anaswa mphanje, anazula zitsa, anaunda mizere mpaka m'manja munatuluka matuza. Kanungu ankalima pambali pake akung'ung'udza.

"Kuopa dengu limodzi, bambo, mwatipha ndi ntchito ya mudzi wonse."

"Limani, mkazanga. Mwamuona uyo?"

Kumalire kwa munda kunali Kakowa, ataima ndi mwendo umodzi, kuyang'anitsitsa ngati kamtedza kamodzi kangalowere kukamwa m'malo molowa m'nthaka. Mvula inagwa. Gologolo anamasula zikwatu zonse, n'kudzala mpaka kambewu komaliza. Kakowa anaima mpaka mwendo unachita dzanzi, osaona kanthu.

Atabwerera kubwalo amfumu anafunsa funso limodzi lokha.

"A Kakowa, lamulo lija tinaliika kuti minda ikule. Munda wakula kapena sunakule?"

"Wakula," anatero Kakowa chapansipansi.

"Ndiye mlandu uli pati?"

Pamenepo Gologolo anayambitsa nyimbo yake. Inali kanyimbo kafupi, kothamanga, konena za mlendo wa miyendo yaitali amene anabwera ndi dengu lalikulu n'kubwerera nalo lopepuka. Iye ankatsogolera, mchira ukumenya pansi ngati ng'oma, ana n'kumavomera ndi mawu amodzi okhaokha, akuwomba m'manja. Amfumu anaseka mpaka kugwada. Kakowa anachoka akuyenda mosamala, kuti malaya angade.

Chaka chotsatira mtedza unabereka mochititsa mantha. Nkhokwe inadzaza, anamanga ina, nayonso inadzaza. Kanungu ankavina. Koma Gologolo anakhala pansi n'kuganiza kuti zokolola zikachuluka, gawo la Kakowa nalonso likula, ndipo chakudya chinaleka kumukomera.

"Mwadwala?" anafunsa mkazi wake.

"Ndikuganiza za lamulo lachiwiri."

M'mawa mwake anakwera pa chulu n'kufuula.

"Amayi ndi abambo! Njira ya kuminda yatsekeka ndi tchire, ndipo pamtsinje timawoloka ngati akuba. Bwerani ndi makasu ndi nkhwangwa. Chakudya n'changa!"

"Chakudya chanji?" anafunsa Bwampini.

"Futali, chiponde, nkhwani wotendera, ndi thobwa la nsinjiro lotsitsira."

Mudzi wonse unatuluka. Analambula njira, anadula mitengo, anayala ulalo pamtsinje. Miphika inkatsika pamoto, ina n'kukwera. Kakowa anabwera kudzaona ndi maso ake kuchuluka kwa mtedza umene ukulowa mumtondo. Kanungu anamugwadira ndi mbale.

"Ine ndili pantchito, mayi."

"Tonse tili pantchito, bwana. Lawani."

Kakowa anayang'ana uku ndi uku, n'kulawa. Analawanso. Mbale inabwerera yoyera kuposa malaya ake.

Koma tsiku lotolera msonkho litafika, Gologolo atachotsera zonse zimene anaphika, Kakowa anauluka ndi mkwiyo mpaka kubwalo.

"Mfumu, munthu uyu akusewera ndi lamulo. Njira imene walambulitsayo ikupita kumunda kwake!"

"Zoona zimenezi, akamwini?"

"Zoona, mfumu. Ikudutsa kumunda kwanga. Ikudutsanso kumunda kwa a Bwampini, kwa a Nkhanga, ndi kwanu komwe."

"Paulalo paja ndawolokapo dzulo," anatero amfumu. "Sindinanyowe. Nanga chakudyacho chinaphikidwadi, kapena anangoonetsa anthu miphika?"

"Chinaphikidwa!" bwalo lonse linayankha.

"A Kakowa, inu munachiona?"

"Ndinachiona patali."

"Patali? Nanga icho chili pachifuwa panucho n'chiyani?"

Onse anayang'ana. Pa malaya oyera aja panali kadontho ka chiponde. Amfumu anagwa chogwada, misozi ili chuchuchu.

"Ntchito yagwiridwa, anthu adya, mudzi wapindula," anatero atapeza mpweya. "Kuti iyenso wapindula si mlandu. Chotsani zimene waphika, mukhometse zotsalazo."

Nyimbo ija inabukanso, ndipo ulendo uno inakula. Gologolo anawonjezeramo za mlendo amene anadya patali koma chakudya n'kumudonthera pafupi. Amayi analowa m'bwalo ndi nthungululu, ndipo ana anaiimba mpaka kuchitsime.

Chaka chachitatu mtedza unaposa zaka zonse. Apa Gologolo mtima unakwera. Kupereka pang'ono kunaleka kumukwanira. Anafuna kuti Kakowa achoke pakhomo pake ndi dengu lopanda ngakhale khoko.

"Mkazanga," anatero, "amayi anu akalamba. Khasu analisiya kale."

"Lero ndiye mwadziwa?"

"Nkhokwe yawo wamsonkho saikhudza. Titute mtedza wonse tikathire kumeneko."

Kanungu anaika pansi lichero.

"Mukuwapatsa?"

"Ndikuwapatsa, inde. Mpaka Kakowa adutse."

"Akadutsa?"

"Tikatenganso. Inu mupite mukawanong'oneze kuti angotisungira, asaukhudze."

"Ine ayi," anatero Kanungu. "Kulima ndinalima nanu. Kuphika ndinaphika nanu, chifukwa zinali zoona. Koma bodza sindinyamula kupita nalo kwa mayi anga. Ngati mukufuna, kawauzeni nokha."

Apa ndiye panavuta. Mwambo wa kumeneko sunkalola mkamwini kuyankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire, apongozi n'kutembenuka kupereka msana. Kulowa m'nyumba mwawo kunali kosatheka, kupisa dzanja m'nkhokwe mwawo ndiye chonyansa chosaneneka. Zaka zonsezi Gologolo nkhope ya Mayi Nungu anali asanaione bwinobwino. Chimene ankachidziwa ndi msana wawo, ndipo msanawo unali minga yokhayokha.

"Palibe kanthu," anatero Gologolo. "Ndi munthu wamkulu, azindikira okha. Ndani angapatse mnzake zokolola zonse?"

Anatuta. Kanungu ndiye ankathira m'nkhokwe, iye n'kumatula madengu kumalire kwa bwalo la apongozi. Nkhokwe ya Mayi Nungu inadzaza tololo, anamanga ina pambali, nayonso tololo. Mayi Nungu anangokhala pamphasa, msana kwa mkamwini.

Kakowa atafika kwa Gologolo anapeza nkhokwe zonse zosesedwa.

"Mtedza uli kuti?"

"Ndapatsa apongozi anga, bwana. Nkhalamba yosatha kulima. Lamulo mukulidziwa."

"Wonse?"

"Ndine munthu wachifundo."

"Nanga inu mudya chiyani?"

"Zimenezo si za msonkho."

Anapitanso kubwalo. Mayi Nungu anaitanidwa, n'kukhala chakumbali, atafunda chitenje, msana kwa mkamwini. Kakowa analankhula mpaka mawu anasasa. Amfumu anatembenukira kwa Gologolo.

"Akamwini, mwaperekadi?"

"Ndapereka, mfumu."

Mayi Nungu anatsokomola.

"Mfumu, ine ndi akamwini anga sitiyankhulana. Mundifunsireko. Mtedza umenewu, ndikafuna kudya, ndingadye?"

Gologolo anacheuka. Kakowa anali naye maso gwa.

"Angadye, mfumu. Ndi wawo."

"Ndikafuna kugawira anzanga?"

"Angagawe."

"Ndikafuna kusinthanitsa ndi mchere?"

"Ndi wawo, mfumu. Wawo ndithu."

"Mwamva nonse," anatero amfumu. "A Kakowa, munthu wapereka pamaso pa bwalo. Alibe mtedza, alibe msonkho."

Gologolo analumpha n'kuyambitsa nyimbo ija mokweza kuposa kale, ulendo uno yonena za dengu lobwerera chadodolido. Ana anavomera, mchira unamenya pansi. Anali wotanganidwa ndi kuvina, moti sanaone kuti Mayi Nungu nawonso mapewa akugwedezeka pansi pa chitenje.

Sipanapite nthawi, kafungo ka mtedza wokazinga kanayamba kufika kwa Gologolo. Kankachokera kwa apongozi. Tsiku lina anaona nkhalamba za m'mudzi zikulowera kumeneko ndi timadengu, n'kutuluka zikutafuna. Tsiku lina anaona wamalonda akutuluka ndi thumba, Mayi Nungu atatsala ndi mchere, mphasa yatsopano ndi chitenje cha maluwa.

"Mkazanga, pitani mukawauze kuti Kakowa wadutsa."

Kanungu anapita, n'kubwera ndi mtedza wodzaza m'manja.

"Amayi akuti zikomo. Akuti mulaweko, ndi wonona."

"Mwawauza?"

"Ndawauza kuti Kakowa wadutsa. Ati adutse bwino."

Gologolo anakadikira apongozi ake panjira ya kuchitsime. Atangowaona akubwera anaima pakati pa njira, chinthu chimene mkamwini sachita. Mayi Nungu anatembenuka, minga yonse n'kuima njo. Gologolo anapezeka ali m'tchire asanaganize n'komwe. Ali momwemo anaona mtengo wa mthethe uli pakati pa iye ndi apongozi, ndipo nzeru inamufikira.

"Mtengo iwe," anafuula, "ndili ndi mawu. Pali munthu wina anasungitsa katundu kwa munthu wamkulu. Tsopano akumufuna."

Mayi Nungu anatsokomola. Kenako mawu anamveka kuseri.

"Mtengo iwe, umuuze munthuyo kuti akafunse kumene anasungitsako. Kwa ine kulibe zosungitsa. Ine ndili ndi mphatso yokha, imene akamwini anga anandipatsa pamaso pa amfumu. Mwana wabwino ameneyo, mtengo iwe. Ena amanyoza akamwini awo, ine ayi."

"Mtengo iwe, nanga mwana wabwinoyo akamva njala?"

"Mtengo iwe, abwere kuseri kwa nyumba. Mkazi wake azimutengera kam'manja. Ine sindimana."

Mayi Nungu anapitiriza ulendo akung'ung'uza kanyimbo. Gologolo anatchera khutu, n'kuzindikira kuti ndi nyimbo yake yomwe.

Anafika kunyumba akutuluka thukuta.

"Masana akagona ndikwera m'nkhokwemo."

"Kwerani," anatero Kanungu. "Mkamwini m'nkhokwe ya apongozi! Mudzi uno mudzausiya tsiku lomwelo, ndipo ine sindikutsatani. Komanso munalumbira nokha kuti ndi wawo. Mukatenga ndi kuba. Si inu munkaphunzitsa a Bwampini za kuba?"

Mitambo inayamba kusonkhana. Anzake anali kumasula zikwatu zawo, koma Gologolo analibe ngakhale chimodzi, poti mbewu yomwe anaitutira kwa apongozi. Munda waukulu uja unali wolimidwa, ukungodikira. Kwa Mayi Nungu nkhokwe imodzi inali itatha, ndipo nkhalamba zinali zitayamba kukamba zophika chiponde cha chinkhoswe cha mdzukulu wa wina.

Gologolo anakhala pakhonde, mchira uli pansi. Anatembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Mtedza wopanda msonkho unali wa apongozi. Kuti ukhalenso wake, unafunika msonkho. Anadzambatuka n'kuthamanga.

Anapeza Kakowa akuchapa malaya.

"Bwana wamsonkho! Bwana! Bwerani mudzandikhometse!"

Kakowa anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwati bwanji?"

"Msonkho, bwana. Ndikufuna kukhoma."

"Wa chiyani? Inu mulibe mtedza. Bwalo linagamula."

"Ndili nawo! Uli kwa apongozi!"

"Umenewo ndi wa nkhalamba. Lamulo silindilola kuukhudza. Inu lamulo mumalidziwa kuposa ine."

Kakowa anayanika malaya, n'kuyamba kuyenda. Gologolo anamutsata. Anadutsa pakati pa mudzi, wamsonkho patsogolo akuponya miyendo mwaulemu, Gologolo pambuyo akuwomba m'manja.

"Chonde, bwana, dengu limodzi lokha!"

"Sindilandira mphatso pantchito."

"Awiri!"

"Mukufuna kundihonga?"

Anthu anatuluka m'nyumba. Bwampini anaseka mpaka kugubuduka.

"Taonani, anthuni! Kale wamsonkho ankathamangitsa Gologolo. Lero Gologolo akuthamangitsa wamsonkho!"

Gulu lonse linakathera kubwalo. Amfumu atamva chimene chabwera anayamba kuseka mlandu usanayambe, ndipo anthu anadikira. Mayi Nungu anafika atavala chitenje cha maluwa chija, n'kukhala monga mwa nthawi zonse.

"Nenani, akamwini."

"Mfumu, mtedza uja sindinapereke. Ndinangosungitsa."

"Koma pano munati mwapereka."

"Pakamwa panatero, mfumu."

"Nanga mtima?"

"Mtima unatsala m'nkhokwemo."

Kakowa anaimirira, khosi lili tolotolo.

"Mfumu, ndinanena ine! Chaka choyamba ndinanena, chachiwiri ndinanena. Munthu uyu wakhala akuzemba msonkho kuyambira kale. Alipire zaka zonse zitatu!"

"Khalani pansi, a Kakowa," anatero amfumu. "Musaphatikize zinthu zosiyana. Chaka choyamba anati mbewu. Tinaifuna, tinaipeza m'nthaka. Chachiwiri anati chakudya cha ogwira ntchito. Tinachifuna, tinachipeza m'mimba mwathu, china pamalaya anu. Pamenepo anachita chimene lamulo linkafuna, msonkho wake n'kuchepa, ndipo palibe amene anaberedwa. Ndikadakonda mudzi wonse utachenjera choncho. Koma chaka chino anati mphatso. Taifuna mphatsoyo, sitikuipeza. Nkhalamba sanafune kuidyetsa. Anafuna kubwereka nkhokwe yake ndi ukalamba wake, kuti inu mudutse. Mawu a lamulo anawatsata onse, koma chimene lamulo linaikidwira sanachichite."

Anthu anavomereza ndi m'manja.

"Tsono chigamulo ndi ichi. Mtedza ndi wa Gologolo, akhome msonkho wa zokolola zonse za chaka chino. Ndipo chifukwa chonamiza bwalo, azinyamulira a Kakowa dengu khomo ndi khomo mpaka kutolera kuthe."

Gologolo anaweramitsa mutu. Koma makutu ake anagwedezeka, ndipo amene ankamudziwa anayamba kugwirana.

"Mfumu, ndifunseko. Mtedza umene apongozi anga adya kale, abweza?"

"Mayi Nungu, mubweza?"

"Mfumu, muwafunse akamwini anga ngati akufuna ndiwabwezere mmene uliri panopa."

Bwalo linaphulika.

"Ayi, ayi, asavutike," anatero Gologolo msanga. "Nanga umene agawira anzawo, ndi wa mchere, ndi wa chitenje?"

"Umenewo wapita," anatero amfumu.

"Ndiye kuti nkhalamba zadyadi."

"Zadyadi. Taonani masaya."

"Ndipo ine sindidzauonanso."

"Simudzauonanso."

"Mfumu, chinthu chimene nkhalamba yadya, mwini wake osadzachionanso, lamulo lathu limachitcha chiyani?"

Amfumu anagwanso chogwada.

"Mphatso!" anafuula akupukuta misozi. "Yasanduka mphatso yeniyeni! Sanafune, koma wapereka. A Kakowa, nkhokwe yathayo musaiwerenge. Mukhometse yotsalayo."

"Mfumu!" analira Kakowa.

"Lamulo ndi lomwelo, bwana," anatero Gologolo. "Ulendo uno landidula nkhokwe yathunthu. Ndisiyeni ndilidyerere."

Mayi Nungu anatsokomolanso.

"Mfumu, muwauze akamwini anga kuti wotsalawo akatenge. Koma nkhokwe yanga yagwira ntchito yosunga, ndipo ine ndagona pansi pake kulondera mbewa. Dengu limodzi litsale."

"Litsale!" anayankha Gologolo mofulumira, asanawonjezere lina.

Tsiku lomwelo Kanungu anakwera m'nkhokwe ya amayi ake n'kuyamba kutsitsa mtedza, mwamuna wake akulandirira kumalire. Anayamba wapatula mbewu, n'kumanga zikwatu zokwana munda wake, osapitirira. Wotsalawo anauunjika pabwalo la nyumba yake. Unali wochepa kuposa umene akadakhala nawo akadangokhoma poyamba paja, ndipo Kanungu sanalephere kumukumbutsa.

"Nkhokwe yathunthu, bambo, kuopa madengu angati?"

"Thirani, mkazanga, anthu akuona."

Kakowa anafika ndi dengu lake n'kuliika pansi. Gologolo anakwera pamwamba pa mulu uja.

"A Bwampini, bwerani pafupi! A Nkhanga, itanani ana! Aliyense aone ndi maso ake!"

"Mukuitaniranji anthu?" anafunsa Kakowa. "Msonkho sakhoma ndi ng'oma."

"Uwu ndikhoma ndi ng'oma, bwana. Ndikufuna mboni."

Anatapa mtedza n'kuthira m'dengu mpaka linadzaza. Kakowa anati lakwana. Gologolo anawonjezera kam'manja pamwamba.

"Mwaona nonse? Ndakhoma?"

"Mwakhoma!"

"Ndiye wotsalawu ndi wa yani?"

"Ndi wanu!"

"Kwezani mawu, amve mpaka kuseri uko! Ndi wa yani?"

"Ndi wa Gologolo!"

Gologolo anakhala pansi pamulu pomwepo, anaswa kamtedza kamodzi, n'kukatafuna pang'onopang'ono, maso ali tsinzi. Kenako anadzuka, anasenza dengu la msonkho pamutu, n'kutembenukira kwa Kakowa.

"Tiyeni, bwana. Tiyambire kwa a Bwampini. Ndikudziwa pamene amabisa."

Mzere wanga wathera apa, khasu ndatula.